Kutsata mapazi a akamwini a ku Luangwa

Lolemba usiku, Mfuwe

Tafika bwino. Ndikulemba ndili pakhonde la tenti, malaya ndavula, koma thukuta lili kamukamu ngakhale dzuwa linalowa kalekale. Okutobala wa m'chigwa cha Luangwa angalimbane ndi wa ku Chikwawa, ndipo sindikudziwa amene angagwetse mnzake.

Tinanyamuka ku Lilongwe tambala atangolira kachiwiri, ine ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga wamkulu. Pa Namitete tinadutsa kukuyera, pa Kamwendo tinagula nthochi, kenako chipata cha Mchinji, n'kutulukira ku Mwami. Munthu wa kwathu ukafika ku Chipata suzindikira kuti uli kunja. Amayi ogulitsa tomato amakuyankhula ngati azakhali ako, kungoti kwacha imene akufuna ndi ina. Kuchoka pamenepo ndi makilomita pafupifupi 130 a tala, msewu ukutsetsereka pang'onopang'ono, mango akuchepa, mitengo ya tsanya ikuchuluka, mphepo yolowa pazenera ikusanduka ya m'ng'anjo.

Ndili ndi zaka 46 ndipo mkango woyenda wokha m'tchire sindinauonepo. Ndinakula ndi wa m'nthano komanso wa agogo anga aakazi, amene ankati ali mtsikana mkango unkadutsa kuseri kwa mudzi usiku, akuluakulu n'kumati ndi mfumu yakale ikuyendera dziko lake. Mphwangayu wake ndi wa pafoni. Amadziwa mayina a mikango ya ku South Africa ngati mmene anzake amadziwira osewera a Bullets, ndipo ndiye wandikakamiza ulendo uno.

Cha m'ma 9 koloko, tikumaliza nsima, tinamva. Poyamba ndinkayesa mvuu, chifukwa mvuu pano sizipuma. Koma izi zinayamba ngati kubuula kwa munthu wodwala, n'kukwera, n'kukwera, kenako kuduka m'zidutswa zazifupi, hu, hu, hu, mpaka kuzimirira. Lisanathe loyambalo, lina linalowerera. Mnyamata amene amatiperekeza kumatenti ndi tochi anaima n'kuloza tsidya la mtsinje ndi chibwano. "Ndi awiri aja," anatero, ngati akunena za anansi obwera kumowa.

Lachiwiri

Lero mkango sitinauone. Ndiyambe n'zimenezo kuti amene mukudikira zithunzi musavutike.

Tinawoloka mlatho wa Luangwa 6 koloko. Pakiyi, South Luangwa, ndi ya masikweya kilomita 9,050, ndipo inakhazikitsidwa monga paki mu 1972. Mpanda ilibe. Kumbali ino malire ake ndi mtsinje, ndipo mwezi uno mtsinjewo ndi mchenga wambiri, madzi pang'ono, mvuu zitapanikizana m'maiwe ngati nyemba m'poto. Zimenezi ndazilemba dala chifukwa nkhani yonse ya mikango ya kuno yagona pa mtsinje umenewu.

Wotiperekeza ndi bambo wa Chikunda, wobadwira konkuno m'dera la Mfumu Kakumbi, woyankhula pang'onopang'ono. Tisanayende mtunda anaimitsa galimoto, n'kutsamira kunja, kuyang'ana fumbi la mumsewu nthawi yaitali ndithu. Ine ndinkangoona fumbi. Iye ankaona amuna awiri amene anadutsa kusanache, wina patsogolo, wina m'mbuyo pang'ono, osathamanga. Anationetsa phazi limodzi, lalikulu ngati mbale ya ndiwo, zala zinayi, zikhadabo osaoneka. La fisi limaonetsa zikhadabo, ndipo anatipezera la fisi pambali pomwepo kuti tisiyanitse. Pamwamba pa phazi la mkangolo panali timizere ta nkhanga, kutanthauza kuti mwini wake anadutsa nkhanga zisanatsike m'mitengo.

Tinawatsata mapaziwo mwina makilomita atatu. Zimene zinandidabwitsa n'zakuti mikango imakonda msewu ngati ife. Pa chitsamba china mapaziwo anapatuka, ndipo pansi panali mikwasa iwiri yaitali pomwe mwamunayo anapalasa ndi miyendo yam'mbuyo atakodza. Fungo lake ngakhale ine ndinalimva. Wotiperekeza anati apa ndi pomwe amasainira, ndipo mkango wina uliwonse wodutsa umanunkhiza n'kudziwa kuti wasaina ndani, liti. Kenako mapazi analowa m'thengo lowirira la tsanya, ife n'kutsala.

Tikumwa tiyi pansi pa mvunguti, ndinafunsa funso limene ndinkaliona lapafupi. Ndinati, akulu, ndiye dziko lonseli ndi la awiriwa? Anaseka. Anati ayi, dziko ndi la akazi. Banja la mikango ndi akazi apachibale, amayi, ana awo aakazi, azichemwali, azisuweni, ndipo amakhala pamalo amodzimodziwo mibadwomibadwo. Mwana wamkazi kawirikawiri amafera komwe anabadwira. Mwana wamwamuna akafika zaka ziwiri, zitatu, mwina zinayi, amathamangitsidwa, n'kupita kukasaka banja la eni kwina. Amuna amene timawaona pabanja lililonse anachokera kutali, anapeza akaziwo alipo kale, ndipo adzawasiya alipobe.

Mphwanga anandiyang'ana n'kuyamba kuseka. "Amalume, ichitu ndi chikamwini."

Tonse tinaseka, ngakhale wotiperekeza, poti kwawonso mwana ndi wa kuchikazi. Koma ine kusekako kunandithera msanga. Bambo anga anakhala zaka 30 pamudzi pa mayi anga, anamanga nyumba ya malata, anadzala mango amene tikudya mpaka lero. Mayi atamwalira, sadaka itatha, ananyamula njinga ndi chikwama chimodzi kubwerera kwawo. Palibe anawathamangitsa. Ankangodziwa.

Masana tinaona nyamalikiti za kuno zimene sizipezeka kwina, apuku ambirimbiri padambo, ndi mbalame zofiira zokumba mabowo m'gombe la mtsinje, mazanamazana. Zokongola, koma maganizo anga anali pa mapazi.

Lachitatu

Tawapeza.

Anali gone pansi pa mtengo wa mchenja, pafupi ndi thamanda louma. Kunena zoona, poyamba ndinakhumudwa. Mfumu ya nyama imene agogo ankaitchula monong'ona inali chagada, miyendo m'mwamba, mimba ili pamtunda, ntchentche zili ng'waa pamphuno. Winayo anali atatsamiritsa mutu pamsana pa mnzake. Tinakhala mphindi 40, ndipo chachikulu chimene chinachitika n'chakuti mmodzi anayasamula. Mkango umatha kugona kapena kungokhala maola 20 pa tsiku, ndipo m'kutentha kuno sindingaunene.

Koma kukhala nthawi yaitali kumakuonetsa zinthu. Wina ali ndi manyenje odera, ofika pachifuwa. Mnzakeyo manyenje ake ndi oyezuka ndi ochepa, ndipo ali ndi chipsera kuyambira pansi pa diso mpaka pamlomo. Misana ya onse awiri, cha kumchira, ili ndi zipsera zakale. Wotiperekeza anati yang'anani pomwe pali mabalawo. Mikango ikamenyana awiri okha imakandana kumaso. Koma ikakhala ingapo pa umodzi, wina amaugwira kutsogolo, enawo amaluma msana ndi miyendo yam'mbuyo. Mabala a kumsana ndi umboni woti tsiku lina unapezeka wekha.

N'chifukwa chake mwamuna sayenda yekha ngati angathe. Anthu a ntchito imeneyi amati coalition, ine ndizingoti gulu la amuna. Nthawi zambiri amakhala abale kapena asuweni amene anathamangitsidwa limodzi pabanja. Koma ofufuza a ku Serengeti ku Tanzania, kumene mikango yakhala ikutsatidwa kuyambira nthawi ya George Schaller m'ma 1960, kenako Craig Packer ndi anzake, anapeza kuti magulu a awiri kapena atatu kawirikawiri amakhala ndi mlendo wosakhala wa magazi amodzi. Magulu akuluakulu, a anayi kupita m'tsogolo, amakhala apachibale. Chifukwa chake n'chomveka. M'gulu lalikulu ena sapeza mpata wobereka, ndipo kuvutikira ana a mbale wako n'kopiririka kusiyana ndi kuvutikira ana a munthu wongokumana naye panjira. Awiri athuwa wotiperekeza akukhulupirira kuti si abale, poti anayamba kuoneka padera, wachipserayo ali yekha, asanaphatikane.

Madzulo tinabwererako, ndipo apa ndi pomwe ndalama yanga yagwira ntchito. Dzuwa litalowa, wa manyenje oderayo anadzuka, n'kudziwongola, n'kukakhudza mutu wake pa mutu wa mnzake. Anapukusana masaya ngati amphaka a pakhomo. Kenako anayamba kuyenda, ndipo sanalinso aulesi aja. Phewa lililonse linkakwera ndi kutsika palokha. Sanatiyang'ane n'komwe. Anadutsa pafupi ndi galimoto moti ndinamva kupuma kwake, ndipo mphwanga, katswiri wa mikango ya pafoni uja, anandigwira bondo mpaka kundipweteka.

Pa chitsamba choyamba anapukusa nkhope m'masamba, n'kutembenuka, kukweza mchira, kuwaza mkodzo. Mnzake anachita chimodzimodzi pomwepo. Atayenda pang'ono anaima pabwalo loyera, n'kutsitsa mutu, mimba n'kuyamba kukoka. Za Lolemba zija zinali za patali. Ukakhala pafupi, kubangula sukumva ndi makutu okha. Chitsulo cha mpando chinkanjenjemera, ndipo m'chifuwa mwanga munkachita ngati mwalowa ng'oma ya mpanje. Wachipsera analowerera, mawu awo n'kulukana. Atamaliza, onse awiri anaima chilili, makutu ali tcheru kumpoto.

Akumvera yankho, anatero wotiperekeza monong'ona. Usiku wabata mawu amenewa amafika makilomita 8. Ndipo mikango imawerenga. Ku Serengeti komweko anayesapo kuika zokuzira mawu m'tchire n'kuulutsa kubangula kojambulidwa. Akazi akamva mlendo mmodzi iwo ali atatu ankapita kukamuona, koma akamva atatu iwo ali ochepa ankazengereza. Ndiye kubangula pamodzi kuli ngati kuuza tsidya lonse kuti kuno tilipo awiri, ndipo tonse tili moyo.

Yankho linabwera patapita mphindi zingapo, lapansipansi, kutali kumpoto. Wotiperekeza anati amenewo ndi anansi odziwika, ali ndi akazi awo, malire awo ndi khwawa linalake, ndipo usiku uliwonse amakumbutsana chabe. Oopsa si amene amayankha.

Tinayenera kutuluka pachipata 8 koloko isanakwane. Tinawasiya akulowera kumpoto, mumsewu, wina patsogolo, wina m'mbuyo pang'ono.

Lachinayi

Kutentha kwa lero kwapitirira madigiri 40. M'mawa sitinapite kutchire, ndalama ikufunika kuisamala. Ndachapa malaya, auma ndisanamalize kuchapa kabudula.

Tsiku lonse mphwanga wakhala akundiphunzitsa za mikango yotchedwa Mapogo. Anali amuna asanu ndi mmodzi a ku Sabi Sand, malo oyandikana ndi paki ya Kruger ku South Africa, kumene mpanda wolekanitsa malo awiriwa unachotsedwa mu 1993. Cha m'ma 2006 analanda dera lalikulu zedi, mabanja angapo nthawi imodzi, n'kupha mikango yambiri. Dzina lawolo linachokera ku kampani ina ya alonda yodziwika ndi nkhanza. Koma chimene chinandigwira mtima ine si nkhanzazo. Dera litakula kwambiri, asanu ndi mmodziwo sakanatha kuliyendera ali pamodzi, ndiye anagawikana. Awiri, Kinky Tail ndi Mr T, anatsala mbali ina, enawo kumadzulo. Mu 2010 anyamata otchedwa Majingilane anatulukira kuchokera ku Kruger n'kupha Kinky Tail. Mr T anabwerera kwa abale ake kumadzulo, ndipo mu 2012 nayenso anaphedwa ndi gulu lina la anyamata, la Selati.

Mphwanga amaifotokoza ngati nkhani ya ngwazi. Ine ndikuiona ngati nkhani ya munthu amene analima munda woposa makasu ake. Tinatsutsana mpaka nsima inafika. Iye akuti zaka zisanu ndi chimodzi pa ufumu ndi zambiri, ndipo apa akunena zoona, poti ku Serengeti amuna ambiri amakhala pabanja zaka ziwiri zokha asanalandidwe. Mlendo ndi mame.

Anandifunsanso kuti dera la mkango limakula bwanji, ngati kuti ine ndiye wotiperekeza. Tinakafunsa. Yankho n'lakuti zimatengera chakudya ndi madzi. Kumene nyama zili zothithikana, banja limakwanira pa masikweya kilomita makumi ochepa. Ku Kalahari, kumene nyama n'zomwazikana, limatha kupitirira 1,000. Kuno m'chilimwe chilichonse chimatsikira kumtsinje, ndiye mabanja amandandalikana m'mbali mwa Luangwa, aliyense ndi kachigawo kake ka gombe. Dera la amuna limakhala lokulirapo chifukwa amatha kugwira mabanja awiri kapena atatu oyandikana, n'kumayendera uku ndi uku. Mvula ikagwa nyama zimabalalika, mtsinje umadzaza, ndipo mayendedwe onse amasintha.

Lachisanu

Lero ndaona amene sayankha aja.

Tinali pagombe cha m'ma 7 koloko, tikuyang'ana ng'ona, pamene mnyamata wothandiza wotiperekeza analiza kakhweru. Tsidya lina, kunja kwa paki, pansi pa gombe logumuka, panali mikango itatu. Yoonda, miyendo italiitali, manyenje ongoyamba kumera ngati ndevu za mnyamata wa Fomu 2. Umodzi unatsika kukamwa madzi, koma unkamwa pang'ono n'kudzutsa mutu, kumwa pang'ono n'kudzutsa mutu.

Wotiperekeza anati wakhala akuona mapazi awo kwa milungu ingapo, koma mawu awo sanawamvepo. Anyamata osowa pokhala sabangula m'dera la eni. Amadutsa mwakachetechete, m'mphepete, kudya zotsala za ena, kulanda za afisi, kugona pamene eni ake sadutsapo kawirikawiri. Zaka zimenezi ndi zimene amuna ambiri amafera. Ena amayenda makilomita oposa 100 kuchoka komwe anabadwira. Akadzalimba, n'kuona kuti eni dera akalamba kapena atsala mmodzi, m'pamene amatsegula pakamwa. Tsiku limene atatuwa adzabangule pagombe pano ndiye kuti nkhondo yayamba.

Ndinawerenga pamtima. Atatu, awiri. Panopa awiri athu ndi olemera ndi odziwa nkhondo. Chaka chamawa sindikudziwa.

Chapatali pang'ono, mbali ya paki, tinapeza akazi anayi ndi ana asanu ang'onoang'ono, a mawangamawanga m'miyendo, akusewera ndi mchira wa mayi wawo. Mphwanga anajambula mpaka foni inatentha. Ine ndinkaganiza za atatu aja. Amuna atsopano akalanda banja amapha ana oyamwa amene awapeza, ndipo osinkhukirapo amawathamangitsa. Si misala. Mkazi amene ali ndi ana sabwerera kwa mwamuna mpaka anawo atakula, pafupifupi zaka ziwiri, ndipo mwamunayo zaka ziwirizo ndi zonse zimene ali nazo. Ana akafa, mkaziyo amakhala wokonzeka m'masiku kapena milungu yochepa, bere ndi la masiku pafupifupi 110, ndipo ana obadwawo amakhala a mwini watsopano. Akazi amamenyera ana awo, nthawi zina mpaka kufa, ena amathawa nawo kukabisala kumalire. Apa m'pamene fanizo la chikamwini lija linandithera. Kwathu mkamwini watsopano amapeza ana a mnzake n'kuwalera, ndipo akalephera pali malume. Mikango ilibe malume.

Ndiye ulesi ndinauona Lachitatu uja ndauonanso mwina. Kuyenda kwa usiku wonse kuja, kukodzera zitsamba, kubangula, ndi mpanda wa ana asanuwa. Amuna awiriwa akangokhalapo miyezi ina 18, anawa apulumuka.

Madzulo tinapita kumsika wa pa Cropping kukagula madzi ndi mayunitsi. Dzinali linatsalira kuyambira m'ma 1960, pamene boma linkapha njovu ndi mvuu zochuluka n'kumakonzera nyama yake pamenepa. Ndinacheza ndi mkulu wina wokonza njinga. Kuno ng'ombe n'zosowa chifukwa cha akashembe, anthu amaweta mbuzi, nkhumba ndi nkhuku, ndipo mdani wamkulu wa mlimi ndi njovu. Koma mikango imadutsa. Anati ana asukulu a kumidzi ya m'mphepete amadikira kuti kuyere bwinobwino asananyamuke. Sanadandaule, sanayamikire, anangofotokoza uku akumata chubu.

Tsidya limene kuli atatu aja ndi Lupande, dera limene anthu amakhala ndi kulima, komanso kumene alenje olipira ndalama amaloledwa kusaka m'zigawo zina. Mkango sudziwa kuti mchenga umene wawolokawo ndi malire a boma. Kumeneko kuli misampha ya waya imene anthu amatchera nswala ndi njati, koma waya sasankha khosi. A bungwe la Zambian Carnivore Programme amaveka mikango ina makolala otumiza uthenga wa pomwe ili, ndipo pamodzi ndi a Conservation South Luangwa ndi a boma amagoneka nyama yokodwa n'kuichotsa waya. Dziko la Zambia linaimitsa kusaka mikango mu 2013 n'kukutsegulanso mu 2016, ndipo ofufuza a kuno anapeza kuti m'zaka zimenezo amuna ambiri anakhala moyo ndipo ana ambiri anakula. Nditaona ana asanu aja ndikumvetsa chifukwa chake. Chipolopolo chimodzi chikachotsa mwamuna mmodzi mwa awiri, wotsalayo sangagwire dera yekha, alendo amalowa, ana amatha. Mlenje amalipira mutu umodzi koma maliro amakhala ambiri.

Mphwanga anakumbutsa za Cecil, mkango wa ku paki ya Hwange ku Zimbabwe, amene anaphedwa mu Julaye 2015 atatuluka kunja kwa paki, ali ndi kolala ya ofufuza a ku Oxford m'khosi. Nayenso anali ndi mnzake, Jericho, wosakhala mbale wake. Dziko lonse linalira dzina la Cecil. A kuno amene amafera m'waya ambiri alibe mayina.

Loweruka

Ulendo wapansi. Ndinagona mwa apo ndi apo poganizira za lero.

Kuyenda pansi m'tchire la nyama ndi mwambo umene Luangwa amadziwika nawo, ndipo anauyambitsa Norman Carr, amene anabadwira ku Chinde ku Mozambique n'kugwirapo ntchito ku Nyasaland asanakhazikike kuno. Iyeyu analerapo ana a mkango awiri aamuna, Big Boy ndi Little Boy, n'kudzawabwezera kutchire. Timayenda mndandanda, patsogolo sikauti wa boma ndi mfuti, kenako wotiperekeza, ife pambuyo. Lamulo lalikulu ndi limodzi: zivute zitani, osathamanga. Mphwanga anafunsa kuti nanga miyendo ikathamanga yokha? Sikauti sanaseke.

Uli pansi tchire limakula. Udzu umene pagalimoto umaoneka waufupi umakufika m'chiuno, ndipo chulu chilichonse chimaoneka ngati chili ndi makutu. Tinatsikira pamchenga wa mtsinje, ndipo apo panali nkhani yonse ya usiku wathawu italembedwa. Mapazi a atatu aja anachoka tsidya lija, n'kudutsa pamadzi osaya, n'kukwera gombe la paki. Anayenda mwina mamita 200. Pa chitsamba china anaima, mapazi ali piringupiringu, kusonyeza kuti ananunkhiza nthawi yaitali. Kenako anatembenuka n'kubwerera momwe anadzera, ndipo pobwererapo mapazi anali otalikirana. Pamwamba pa mapazi awowo panali ena akuluakulu awiri, atsopano, amene anawatsata mpaka m'mphepete mwa madzi n'kuima pomwepo. Pamchenga wonyowa panali mikwasa ya miyendo yam'mbuyo, yakuya.

Palibe magazi, palibe ubweya. Wotiperekeza anati masiku ambiri zimatha choncho. Koma anagwada n'kutionetsa chinthu china. Phazi lakumanzere lam'mbuyo la mmodzi wa akuluakuluwo silinkalowa mumchenga ngati enawo, ndipo pena linkakhwekhwereza. Wina akutsimphina. Kaya ndi minga, kaya njati inamuponda, kaya ndi waya, anati akauza anthu a makolala kuti akamuone. Ndinafunsa ngati atatu aja angadziwe zimenezi. Anati mphuno zawo zimadziwa zambiri kuposa maso ake.

Tikupuma pamthunzi anandifunsa za mikango ya kwathu. Ndinamuuza zimene ndikudziwa, kuti ku Majete inatheratu mpaka a bungwe la African Parks anabweretsa ina kuchokera ku South Africa mu 2012, ndipo ku Liwonde inabwerera mu 2018. Malo onse awiriwa ndi otchingidwa ndi mpanda wamagetsi, ndipo Majete yense ndi masikweya kilomita pafupifupi 700. Anapukusa mutu. Anati ndiye mnyamata akathamangitsidwa ndi bambo ake amapita kuti? Funso limeneli sindinaliganizirepo. M'malo otchingidwa mnyamata amayenda n'kukagunda waya, n'kubwerera kwa omwe amuthamangitsa, kapena kukakwatira alongo ake. Ndiye ulendo umene kuno mkango umayenda ndi miyendo yake, kwathu amauyendetsa anthu, kuugoneka ndi jakisoni, kuukweza galimoto kapena ndege, kuupititsa paki ina. Amuna oyamba kufika ku Liwonde anachokera ku Majete mwa njira yomweyo. Sindikunyoza. Ndi kuchuluka kwa anthu kwathu, popanda mpanda sipakanakhala mkango ngakhale umodzi, ndipo amene ali ndi munda m'mphepete mwa Shire sangafune kumva za ufulu wa mkango. Kungoti ndaona kusiyana kwake.

Iye anati komabe njira yakale ilipo. Kuchoka m'chigwa muno kukwera chakum'mawa kuli paki ya Lukusuzi, ndipo kuseri kwa Lukusuzi ndi Kasungu. Mwa apo ndi apo mkango umatulukira ku Kasungu osaitanidwa. Ndinakumbukira agogo. Mwina mfumu yakale imene inkadutsa kuseri kwa mudzi wathu inali mnyamata woonda ngati atatu aja, wothamangitsidwa kwawo, wongodutsa mwakachetechete. Koma agogo ankati inkabangula. Ndiye kapena inali itapeza pokhala.

Usiku uno abangula kawiri, chapafupi ndi mtsinje kusiyana ndi masiku onse. Ndinayesetsa kumvetsera ngati mawu ali awiri. Ali awiri.

Lamulungu, Chipata

Tanyamuka m'mawa. Pamlatho panali anyani okhaokha. Tagona kuno chifukwa galimoto inayamba kutentha pokwera zitunda, ndipo makaniko akuti mpaka mawa.

Mphwanga wakhala chete njira yonse, zimene si khalidwe lake. Tikudya pamalo ena anangoti, "Amalume, agogo aamuna aja mumawayendera?" Ndinati Khirisimasi yapita sindinapite. Sanawonjezere, inenso sindinawonjezere.

Cha m'ma 8 koloko usiku uno wotiperekeza wanditumizira uthenga pa WhatsApp. Akuti wotsimphina ndi wachipsera uja, anthu a makolala amuona, si waya, ndi bala la pakati pa zala ndipo lipola lokha. Akazi asamutsa ana kupita nawo kumtunda, kutali ndi gombe. Ndipo mapazi a atatu aja awapezanso mbali ya paki, ulendo uno pamsewu weniweni, kilomita yathunthu kuchoka pamadzi.

Ndamufunsa ngati abangula. Mpaka pano timizere tiwiri tija sitinasanduke tabuluu.